Flexplate ikang'aluka, funsani chomwe chaing'alula

Pa zitsulo zonse za galimoto ya otomatiki, flexplate ndi imene anthu amainyozera kwambiri, mwina chifukwa siioneka. Imabisala pakati pa injini ndi giyabokosi: chitsulo chozungulira, chopyapyala, chokhala ndi mano m'mphepete. Pakati pake imamangidwa ku crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini), cha m'mbali imagwira torque converter (chitsulo chimene chimapereka mphamvu ya injini ku giyabokosi), ndipo mano aja ndi amene sitata imaluma poliza injini. Pamalo omwewa galimoto ya manyuwo ili ndi flywheel, gudumu lachitsulo lolemera. Mu ya otomatiki kulemerako kuli mu converter yodzaza ndi oyilo, choncho flexplate imapangidwa yopepuka, yotha kupindika pang'ono converter ikamasuntha uku ndi uku.

Ine chimene chimandipweteka ndi kuona injini yabwinobwino itaphwasulidwa chifukwa cha chitsulo chimenechi. Flexplate yong'aluka imalira kuti kho kho kho injini ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo khutu losazolowera limati ndi mabering'i a m'kati. Musanalole kuti munthu atsegule injini, mvetserani ngati phokosolo likusintha mukalowetsa giya. Kenako chotsani kachivundikiro ka pansi pa giyabokosi, muunike ndi tochi. Nthawi zina mupeza kuti ndi mabawuti a converter okha amene akhwefuka. Mng'alu weniweni umakonda kuzungulira mabawuti a pakati, malo ovuta kuwaona, koma fumbi lofiira la dzimbiri limauulula.

Pogula ina, kulowa kwa mabawuti si umboni woti ndi yoyenera. Yambani mwawerenga mano a yakaleyo. Injini za V8 zazing'ono za Chevrolet zili ndi ya mano 153 ndi ya mano 168, zosiyana kukula, ndipo iliyonse imafuna sitata yakeyake. Za Ford zazing'ono zimapezeka ndi mano 157 kapena 164. Mukasokoneza, sitata imangokukuta kapena siifika n'komwe pa mano.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya balansi, ndipo apa mpamene ndimapempha anzanga amakaniko kuti asathamange. Injini zina zimakhala zolinganizidwa m'kati mwake, flexplate yake ilibe chowonjezera. Zina zimadalira kachitsulo kolemera kowotcheredwa pa flexplate. Injini ya Ford 302 yakale imafuna ya 28 oz (umenewu ndi mlingo wa kachitsuloko), pamene zopangidwa kuyambira cha m'ma 1981 zimafuna ya 50 oz. Dzina la injini ndi lomwelo, mabawuti amalowa bwinobwino, koma mukaika yolakwika galimoto imanjenjemera mpaka mabering'i a crankshaft kudyeka. Chevrolet 400 nayo imafuna yokhala ndi kachitsuloko pamene 350 yakale siifuna, ndipo kuyambira 1986 mabowo a pa crankshaft ya 350 anasinthiratu. Pa galimoto zina, monga Jeep ya injini ya 4.0, sensa ya crankshaft imawerenga timipata ta pa flexplate pomwepo. Yolakwika ikalowa, injini imavuta kulira kapena siilira n'komwe. Flexplate zolembedwa SFI 29.1, chizindikiro cha muyezo wa chitetezo, ndi za galimoto zampikisano, zokhuthala ndi zolimba. Pa galimoto ya tsiku ndi tsiku ine sindiona chifukwa chozifunira.

Koma flexplate siing'aluka yokha popanda choyambitsa. Kawirikawiri injini ndi giyabokosi zimakhala kuti sizinalunjikane. Pali timapini tiwiri timene timazigwirizanitsa, ndipo wina akachotsa giyabokosi n'kutaya kamodzi, flexplate imapindika mopitirira muyezo pa kuzungulira kulikonse, ngati waya amene mukumupinda mobwerezabwereza mpaka kuduka. Mukangoika yatsopano osabwezera kapiniko, nayonso ithyoka.

Pomanga, converter iyambe yalowa yonse mu pampu ya giyabokosi. Giyabokosi ikakhala m'malo mwake, pazitsala mpata wa mamilimita 3 mpaka 5 woti muikokere converter ku flexplate ndi dzanja. Ngati palibe mpata, imani pomwepo, musakakamize ndi mabawuti, chifukwa muswa pampu. Onetsetsaninso mbali yoyang'ana ku injini, pakuti flexplate zina zimalowa ngakhale zitatembenuzidwa, ndipo ngati panali kambale kachitsulo pansi pa mabawuti a pakati kabwerere pamalo pake. Mabawutiwo apakeni mankhwala oletsa kumasuka, muwamange modumphitsa ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti) pa mlingo umene buku la injiniyo likunena.