Sola ya pa malata ku Chipata: zomwe ndayeza kuyambira Juni mpaka Okutobala

Zida zake ndi zochepa: sola imodzi ya mawati 100, batire limodzi la gel la mavoti 12 (12V) 100Ah ndi kontrola, kachipangizo koyang'anira katchajidwe ka batire, ya mtundu wamba wotchedwa PWM ya maampu 20 (20A). Ntchito yake ndi kuyatsa rauta ya intaneti ndi mababu atatu, komanso kutchaja mafoni atatu malaiti akapita. Inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, palibe, ndipo ndinaisiya dala.

Magetsi ambiri a dziko lathu la Zambia amachokera ku madzi. Chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko mu Febuluwale 2024 chinatsitsa madzi ku damu la Kariba, malaiti n'kumazimazima, ndipo kuyambira pamenepo masitolo adzaza ndi masola, mabatire ndi mapawa banki. Zina ndi zabwino, zina manambala ake ndi a pa bokosi pokha. Choncho chida choyamba kugula chikhale multimeter, choyezera mavoti ndi maampu, yokhala ndi bowo la 10A, sola ibwere pambuyo.

Juni: kuwerengera

Pa adaputala ya rauta panalembedwa 12V 1A, koma amenewo ndi malire a adaputalayo. Poyeza, rauta yeniyeniyo imakoka pafupifupi theka la ampu imodzi, ndiye kuti mawati 6. Mawati mukawachulukitsa ndi maola mumapeza mphamvu yonse yomwe yadyedwa, imene timailemba kuti Wh. Rauta ikayaka maola 18 ndi 108Wh. Mababu atatu a LED a 12V, lililonse la mawati 5, maola asanu usiku uliwonse, ndi 75Wh. Foni ya batire la 5,000mAh imafuna pafupifupi 22Wh kuti idzaze, kuphatikizapo zotayika mu tchaja, ndipo zitatu ndi 66Wh. Zonse pamodzi zikuyandikira 250Wh patsiku.

Batire la 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma la mtovu, monga la gel ili, silifunika kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Zogwiritsa ntchito ndi 600Wh, zokwana masiku awiri a mitambo yokhayokha.

Nkhani ya inverter ili motere. Inverter wamba ya mawati 1,000 imadya pakati pa theka la ampu ndi ampu imodzi ikangoyatsidwa, musanalumikizepo kanthu. Tinene mawati 10. Pa maola 18 ndi 180Wh, kuposa zimene rauta ikudya. Ndiye mwatenga 12V ya batire, mwaikweza kufika 230V, kenako adaputala yaitsitsanso kubwerera pa 12V, ndipo paliponse pamenepo mphamvu ikutayika ngati kutentha. Pa firiji kapena makina ometera a pa magetsi a m'nyumba inverter ndiyofunika ndithu, koma rauta, mababu ndi foni zitengeni pa batire mwachindunji.

Pali chenjezo limodzi. Batire likamatchajidwa masana limakwera kupitirira 14V, ndipo usiku limatsika kufika pa 12V kapena kucheperapo. Marauta ena amapirira zimenezi, ena amapsa. Pakati pa kontrola ndi rauta ikanipo kachipangizo ka buck-boost, kosunga mavoti pa mlingo umodzi, mukatembenuze ndi sikuludiraiva mpaka multimeter iwerenge 12.0V, rautayo musanailumikize. Pulagi yozungulira ya rauta nthawi zambiri ndi ya 5.5mm kunja, koma bowo lam'kati limakhala 2.1mm kapena 2.5mm. Bowo la 2.5mm pa kamsomali ka 2.1mm limalowa koma limagwedera, rauta n'kumazima mukangogunda tebulo. Onaninso kachizindikiro ka pa adaputala kuti mutsimikize kuti pulasi ili pakati. Mafoni amangofuna tchaja ya m'galimoto ya USB.

Julaye: sola iyang'ane kuti

Chipata ili madigiri pafupifupi 13.6 kummwera kwa ikweta. Mu Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto ndi madigiri 37 kuchoka paliwombo, mu Disembala limapendekera kummwera ndi madigiri 10 okha, ndipo limadutsa paliwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale. Sola iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri 15 mpaka 20. Kuigoneka fulati kumachititsa kuti fumbi ndi madzi a mvula zizidikha pa galasi.

Kampasi ya mu foni imasokonezeka mukaima nayo pa malata. Zikani ndodo yowongoka pabwalo, muzilemba pamene mthunzi wathera mphindi khumi zilizonse kuyambira 11 koloko. Mthunzi waufupi kwambiri m'miyezi yozizira umaloza kummwera ndendende. Kuno nthawi imeneyi imagwa pakati pa 11:35 ndi 12:05 malinga ndi mwezi, chifukwa tili kum'mawa kwa mzere wa madigiri 30 umene mawotchi athu amatsata.

Polumikiza, yambani ndi batire ku kontrola, kenako sola, zodya magetsi pomaliza. Pochotsa yambani ndi sola. Kontrola imazindikira ngati ili pa 12V kapena 24V poona batire, ndiye ikayamba kuona 22V ya sola yopanda katundu imatha kuganiza kuti ili pa 24V. Fyuzi ya 15A ikhale pa waya wa pulasi, osapitirira masentimita 20 kuchoka pa batire. Batire la kukula kotere likagundanitsidwa limatulutsa maampu mazanamazana, waya n'kufiira ngati khala, ndipo fyuzi ya kutali siteteza waya umene uli kumbuyo kwake.

Mu Julaye zonse zinayenda bwino: 5.2A masana, batire lodzaza 14 koloko isanakwane.

Ogasiti ndi Seputembala: fumbi

Mphepo, fumbi la mumsewu ndi utsi wa tchire lotenthedwa zinatsitsa 5.2A ija kufika 4.5A m'masabata atatu osapukuta. Nsalu yofewa ndi madzi oyera zinaibwezera pa 5.1A. Pukutani m'mamawa galasi likadali lozizira. Kuthira madzi ozizira pa galasi lotentha la masana kungaling'alule, ndipo sopo amasiya nkhungu imene imagwira fumbi lina.

Choopsa kuposa fumbi ndi kamthunzi kakang'ono. Sola iyi ili ndi timaselo 36 tolumikizana mondondozana, ngati anthu opatsirana njerwa pamzere: mmodzi akaima, onse aima. Tsamba limodzi la mango kapena zitosi za njiwa zikaphimba kaselo kamodzi, madayodi a m'kabokosi ka kumbuyo amalambalalitsa theka lonse la sola, ndipo theka lotsalalo silifika pa mavoti otchajira batire la 12V. Nthambi yomwe inkaponya mthunzi pakona cha m'ma 15 koloko inkagwetsa maampu kufika pansi pa 1A. Ndinaidula.

Okutobala: pamene waya unaonekera

Apa ndiye pali phunziro lalikulu la miyezi yonseyi. Dzuwa la Okutobala ndi lamphamvu kuposa la Julaye, galasi linali loyera, koma batire linayamba kuchedwa kudzaza. Pa 12V yam'mawa maampu ankaoneka bwino, koma batire likangopitirira 13.8V ankatsika msanga kufika 3A.

Zimene zalembedwa kumbuyo kwa sola, 18V ndi 5.5A, zimayezedwa maselo ali pa madigiri 25. Sola yogona pafupi ndi malata masana a Okutobala imafika madigiri 60 kapena 65, ndipo mavoti ake amatsika ndi pafupifupi 0.35 peresenti pa digiri iliyonse yowonjezera. Madigiri 40 owonjezera amadula 14 peresenti: 18V ija yasanduka 15.5V.

Tsopano onjezani waya. Kuchoka padenga kufika pa kontrola ndi mamita 8, kupita ndi kubwera 16. Waya woyamba unali wa 1.5mm², ndipo kopa weniweni wa kukula kotere amataya pafupifupi 1V pa 5.5A. Pa 15.5V chotsani 1V, patsala 14.5V, pamene batire likufuna zoposa 14V kuti lidzaze. Mu Julaye sola yozizira inali ndi mavoti otsala okwirira vutoli, mu Okutobala anatha.

Poyeza, waya uja unkataya 1.6V. Nditapala ndi mpeni ulusi wake umodzi, mkati munali moyera: aluminiyamu yokutidwa ndi kopa kunja kokha. Waya wotere wadzaza pamsika, umapepuka m'manja, ndipo umakaniza magetsi kuposa kopa ndi theka kapena kupitirira. Musanagule pemphani kachidutswa, mupale. Mukhozanso kuyatsa machesi pansi pa timaulusi take: ta aluminiyamu timafota n'kugwa, ta kopa timangofiira.

Ndinakonza ziwiri. Waya tsopano ndi wa kopa wa 4mm², wotaya 0.4V yokha. Sola ndinaikweza pa zitsulo kuti pansi pake pakhale mpata wa masentimita 10 mpaka 15 wopita mphepo. Maampu tsopano akukhala pa 5A mpaka batire litayandikira kudzaza. Sola ndi yomweyo, kontrola ndi yomweyo. Ambiri akaona zotere amathamangira kugula sola yachiwiri, pamene vuto lili pa waya wa mamita 16.

Kutentha kumapwetekanso batire. La mtovu moyo wake umafupika ndi theka pa madigiri 8 mpaka 10 alionse opitirira 25, choncho likhale pansi m'chipinda chozizira chopita mphepo, lisakhale pashelefu pafupi ndi malata. Pa gel ndinaika kontrola kuti iime pa 14.1V, ndipo mu Okutobala ndinatsitsa kufika 13.9V, chifukwa batire lotentha limafuna mavoti ochepa ndi 0.02V mpaka 0.03V pa digiri iliyonse. Ngati pa pepala la batire lanu pali manambala ena, tsatirani amenewo. Malire ozimitsira zodya magetsi makontrola otchipa amabwera nawo ali pa 10.7V kapena pafupi, ndipo pofika pamenepo batire latheratu. Ine ndinakweza kufika 11.9V. Kuti mudziwe momwe batire lilili, liyezeni litapuma maola awiri osatchajidwa komanso osadyedwa: 12.7V kapena kupitirira ndi lodzaza, 12.2V ndi theka.

Batire la galimoto musaliike pa ntchito iyi. Mapuleti ake ndi opyapyala, opangidwira kulizitsa injini masekondi ochepa n'kudzazidwanso nthawi yomweyo. Mukamalitsitsa usiku uliwonse limafa m'miyezi yowerengeka.

Za manambala a pa bokosi

Manambala abodza a pa bokosi amandipweteka chifukwa ogula ambiri ndi alimi amene agulitsa soya kapena nshawa zawo kamodzi pachaka, ndipo ndalamayo sibwereranso. Pali mayeso atatu amene mungachite muli m'sitolo momwemo kapena mutangofika kunyumba.

Sola: dzuwa lamphamvu limapereka mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi, ndipo masola abwino a masiku ano amagwira pafupifupi 20 peresenti ya zimenezo. Ndiye sikweya mita imodzi ndi mawati 200 kapena kupitirira pang'ono. Tengani tepi. Sola ya mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi ndi ya mawati 100, ngakhale sitika itanena 300. Kunyumba ikani multimeter pa 10A, mugundanitse mawaya awiri a sola kudzera mwa iyo masana kwa masekondi ochepa. Ya mawati 100 iyenera kuyandikira 5.5A kapena 6A.

Pawa banki: selo ya lithiamu ya 18650 yeniyeni, kabatire kozungulira ka mkati mwake, imathera cha pa 3,500mAh ndipo imalemera magalamu 45 mpaka 50. Kuti zikwane 50,000mAh pamafunika maselo khumi ndi asanu, magalamu 700 osawerengera chikwama chake. Ikapepuka ngati foni, nambalayo ndi yabodza. Ngakhale yoona ya 20,000mAh imawerengedwa pa 3.7V, ndiye kuti 74Wh, zokwana kudzaza foni ya 5,000mAh katatu.

Kontrola: zambiri zopepuka zolembedwa MPPT, mtundu wodula wa kontrola, ndi PWM mkati. MPPT yeniyeni imalemera chifukwa ili ndi koyilo yaikulu ya kopa, ndipo imasandutsa mavoti otsala kukhala maampu. Iyeseni batire lili lotsika, dzuwa likuwala. Ngati mavoti a mbali ya sola ali 16V kapena 17V, ndipo maampu olowa m'batire akuposa ochokera ku sola, ndi yeniyeni. Ngati mbali zonse ziwiri zikuwerenga pafupifupi 13V ndi maampu ofanana, mwagula PWM pa mtengo wa MPPT. Pa sola imodzi ya mawati 100 kuno kotentha PWM yoona ndi yokwanira, popeza mavoti otsalawo ndi ochepa kale.

Chimene chatsala ndi dzinja. Kudzera pa PWM sola iyi imapereka 5A pa 13.5V, pafupifupi mawati 68. Pa maola asanu a dzuwa lamphamvu ndi 340Wh, ndipo batire la mtovu limabweza pafupifupi 85 peresenti ya zimene lalandira, ndiye 290Wh. Pa 250Wh zomwe zikudyedwa, malire ndi opyapyala, ndipo mitambo ya Januwale idzawadutsa. Mvula isanayambe ndiika sola yachiwiri ya mavoti ofanana, pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, kuti maampu afike 11A. Kontrola ya 20A ipirira, fyuzi ndiikweza kufika 20A, koma waya wa 4mm² udzataya 0.8V, choncho sola yachiwiriyo idzakhala ndi waya wakewake mpaka pa kontrola. Ndiikanso switchi pa waya wochokera padenga yoti ndizizimitsa ziphaliwali zikayamba, ndipo ndiziyeza batire m'mawa uliwonse nthawi ya 6 koloko kuyambira Disembala mpaka Febuluwale.