Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene Tazz ya alamu inagwada ku Rosettenville

Zikomo nonse amene munandilembera pa gawo lapita lija, makamaka mayi a ku Zomba amene munati nkhani ya usiku wa pa Beitbridge inakulizani. Ambiri mukufunsabe chimene chinatidanitsa ndi alamu anga aja. Ndakhala ndikuizemba nkhaniyi, koma lero ndiinena.

Mukukumbukira kuti madala a ku Nkhotakota aja ananditenga pa galaja yawo ya kuseri kwa nyumba ku Turffontein, ku Joni. Zaka ziwiri zinatha ndikungotsuka masipanala ndi kupopa jeke.

Loweruka lina madala atapita ku Park Station kukatumiza katundu kumudzi, alamu anatulukira ndi Toyota Tazz yawo. "Alamu, kutsogoloku kukugogoda ndikaponda dzenje. Tandionereni msanga." Mtima wanga unati mpata ndi uwu. Ndinakanikiza galimoto pakona, inanesa kangapo, ine nkuti ndi mashoko. Ndinasinthadi, ndipo anali otha, pamenepo musanditsutse. Koma tayala sindinaligwedeze.

Lachitatu foni inalira. Ndinathamanga wapansi mpaka ku Rosettenville. Galimoto inali itagwada pakati pa msewu ngati ng'ombe yothyoka mwendo, tayala la kumanzere litapindikira m'kati, mataxi akuimba mahutala. Mlongo wanga anali atakhala pansi m'mbali mwa msewu, nsapato imodzi palibe, mwana atamukumbatira pachifuwa. Pachipumi pa mwanayo panali chotupa ngati dzira. Mlongo wanga sanandikalipire, anangondiyang'ana kenako nkuyang'ana kumbali. Bola akanandimenya mbama. Mpaka lero ndikamva mwana akulira pamsewu m'mimba mumanditentha. Akanakhala pa msewu waukulu wa M2, lero bwenzi ndikulemba za maliro.

Madala sanayankhule tsiku lonse. M'mawa mwake anakweza mbali ya kumanja pa jeke nkundiitana. "Mwana wanga, gwira tayalali pamwamba ndi pansi, ugwedeze." Linachita khokhokho. "Tsopano wina aponde buleki." Linagogodabe. Anati likanasiya bwenzi ili beringi, koma apa ndi ball joint, kachitsulo ka mutu wobulungira kamene kamagwira tayala kumunsi. Ukagwira m'mbali, kumanja ndi kumanzere, ukufunsa tie rod end, kachitsulo kolumikiza tayala ku chiwongolero. Analowetsa chitsulo pansi pa tayala nkunyamula, ndinaona ndi maso anga mutu wa ball joint ukusewera m'chibowo chake. Labala wake anali atang'ambika kalekale, girizi atatha, m'kati muli mchenga ndi dzimbiri.

Tinasintha mbali zonse ziwiri. Ndinafuna kumenya hamala pa mazinga penipeni, madala anandigwira dzanja: umamenya m'mbali mwa knuckle, chitsulo chimene ball joint yalowamo, mutuwo umadumpha wokha. Split pin yakale, kawaya kotsekera nati, anaitaya kutali, akuti imeneyo saibwezera. Pomaliza anatumiza galimoto ku alayimenti, apo ayi matayala akanatha mwezi usanathe. Zonsezo zinadya malipiro anga a miyezi iwiri, ndipo sindinadandaule.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Alamu anaimbira kumudzi kuti ndinagwira galimoto yawo nditaledzera. Ine amene Chibuku sindinachilawepo! Mayi anga anamwalira akukhulupirira zimenezo. Alamu, ndikudziwa mumawerenga kuno ngakhale simulemba kanthu. Kulakwa kwanga ndakuvomera pagulu. Nanga inu mudzanena liti kuti galimotoyo inayamba kugogoda isanafike Khirisimasi, ndipo madala anakuuzani kawiri konse kuti muisiye aione, inu nkumati ndalama mwatumiza ya feteleza?

Wina analemba kuti ndizingokhululuka. Achimwene, ndinayesa. Pa ukwati wa ku Mayfair uja ndinawapatsa dzanja, iwo anapisa lawo m'thumba.

Gawo likubwerali ndikuuzani mmene mlongo wanga anagogodera pachitseko changa patatha zaka zitatu, mwana ali kumsana, chikwama chili pamutu.