Makwinya a agogo anatikanganitsa ndi abwana

Sabata yathayi mu situdiyo inayenda monga mwa masiku onse: zithunzi za pasipoti, za ana otsiriza sukulu ya mkaka, ndi ukwati wa Loweruka. Inki ya pirinta inatsala pang'ono kutha, ndipo abwana anati tidikire malipiro a kumapeto kwa mwezi, monga amanenera nthawi zonse.

Chimene chandilembetsa ndi cha Lachinayi. Kunabwera mayi wina ndi amayi ake okalamba, akufuna chithunzi chopachika pakhoma, koma magetsi anali atathima ndipo jenereta inalibe mafuta chifukwa ndalama zake sizinatulutsidwe. Ndinawatengera agogowo kuseri kwa nyumba, pamthunzi, nkupachika chitenje pachingwe kumbuyo kwawo. Njira imeneyi ndinaitengera kwa Seydou Keïta, wojambula zithunzi wa ku Bamako, m'dziko la Mali, yemwe anatsegula situdiyo yake mu 1948. Iye ankajambulira pabwalo ndi kuwala kwa dzuwa, nsalu yake yoyamba yakumbuyo inali chofunda cha pabedi pake, ndipo kawirikawiri munthu ankamujambula kamodzi kokha poti filimu inali yodula. Ofuna kuoneka opeza bwino ankawabwereka wailesi, wotchi kapena njinga yamoto. Pazithunzi zake zakuda ndi zoyera, maluwa a chovala amalimbana ndi maluwa a nsalu yakumbuyo, mpaka diso limakapumira pankhope ndi pamanja.

Agogo anandifunsa kuti, "Mwanangu, ndiseke kodi?" Ndinati, "Ayi agogo, ingoyikani manja pamaondo, mutembenukire kuno pang'ono." Kuwala kunagwera mbali imodzi ya nkhope, mphini za pamasaya ndi makwinya a pamphumi nkuoneka bwino lomwe.

Magetsi atayaka, abwana anaona chithunzicho pakompyuta, chili chakuda ndi choyera, nati chikuoneka ngati cha pamaliro. Analamula mnyamata wothandiza kuti abwezeretse mitundu, asalaze makwinya, achotse mphini ndi kuyeretsa khungu. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa munthu amene sagula ngakhale mafuta a jenereta ndiye ankandiphunzitsa ntchito, pamaso pa mwana amene ndikumuphunzitsa ine. Mayi uja atabwera Lachisanu anayang'ana chokonzedwacho nati amayi ake si amenewo, natenga changa chija. Abwana analandira ndalamazo, kenako anandiuza kuti kuyambira tsopano chithunzi chilichonse chakuda ndi choyera chiziyamba chadzera kwa iwo chisanasindikizidwe.