Banjo Paterson, mlakatuli wa pa ndalama ya madola 10

Abale anga, lero ndimayang'anitsitsa ndalama ya madola 10 ya ku Australia. Nkhope ili mbali imodziyo si ya wandale ayi, ndi ya mlakatuli, Andrew Barton Paterson. Zandikhudza kwambiri.

Bamboyu anabadwa mu 1864 kufupi ndi Orange ku New South Wales, n'kukulira pafamu pakati pa oweta nkhosa ndi okwera mahatchi. Anadzakhala loya ku Sydney, koma mtima unatsalira kutchire. Ndakatulo zake zinkatuluka m'magazini ya The Bulletin pa dzina loti "The Banjo", lomwe linali dzina la hatchi. Imene imandigwira mtima ndi The Man from Snowy River ya mu 1890: kamnyamata konyozeka kakutsetsereka phiri lotsika koopsa pahatchi, akatswiri onse ataima kakasi pamwamba.

Mlakatuli mnzake Henry Lawson ankamutsutsa kuti akukometsera moyo wakutchire, pomwe anthu ankavutika ndi chilala ndi umphawi. Lawson sankanama, komabe ine ndimawakonda onse awiri.

Ambiri amamudziwira mawu a nyimbo ya Waltzing Matilda, n'kuiwala kuti analinso mtolankhani. Mu 1899 anapita ku South Africa kukalembera Sydney Morning Herald nkhani za nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi. Anamwalira ku Sydney mu 1941.