Mchenga, mchere ndi apusi: sabata ya Khirisimasi pa hotela ya ku Umhlanga

Ku Umhlanga, kumpoto kwa mzinda wa Durban, chipinda choyang'ana kunyanja chimadula kwambiri kuposa choyang'ana kumsewu, chonsecho bedi, bafa ndi TV n'zofanana. Chimene mlendo amalipirira ndi khonde. Akatsegula chitseko chagalasi amaona mafunde, sitima zikuluzikulu zikudikira kulowa padoko, ndi nsanja yofiira ndi yoyera younikira sitima, imene inamangidwa mu 1954. Ine ndine supavaiza wa okonza zipinda pa nsanjika za mbali yodulayo, ndipo nyanja yomwe alendo amaitayira ndalamayi ndi imenenso imatigawira ntchito tsiku ndi tsiku.

Sabata ya pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere ndiyo pachimake. Kuno nyengo yotentha ili pakati, sukulu n'zotseka, makampani a zomangamanga anatseka kale pakati pa December, ndiye anthu a ku Johannesburg ndi Pretoria amatsika msewu wa N3 ndi ana, azigogo, mabolodi oseweretsa pamafunde ndi makula bokosi. Malo oimika galimoto amangoti mbwee manambala a GP, a chigawo cha Gauteng komwe kuli mizinda iwiriyi. Ofu kulibe. Amene akufuna kudwala, timaseka tokha, adwale mu February.

Lolemba linali la kusinthana kwa alendo. Otuluka amayenera kupereka makiyi 11 koloko, olowa amalandira zipinda 2 koloko, koma m'nyengo ino otuluka amazengereza poti akufuna kusambira komaliza, pomwe olowa ananyamuka usiku ndipo 9 koloko ali kale pa resepishoni. Foni yanga sinapume: chipinda chakuti chatha? Chakuti bwanji? Chipinda chimene munali banja la ana atatu kwa sabata yathunthu sichikonzeka mofanana ndi chimene munagona bambo wa kumsonkhano usiku umodzi. Zimenezi a pa resepishoni amazidziwa, koma mlendo akawaimira pamaso amaiwala.

Chimatichedwetsa kwambiri ndi mchenga. Pageti lochokera kugombe pali mpopi wotsukira mapazi, koma mwana wa zaka zisanu sangaime pampopi ayisikilimu akusungunuka m'manja. Mchenga umalowa m'mabedishiti, m'mphepete mwa matiresi, m'madilowa, ndipo wambiri umakaunjikana mu njanji ya chitseko cha pakhonde. Njanji imeneyo ndi imene ndimayamba kuona ndikalowa kudzayendera chipinda. Ndimagwada n'kupititsamo chala. Chikatuluka ndi mchenga, ndimadziwa kuti chitseko chiyamba kukukuta, mawilo ake adyeka, ndipo mlendo aimba foni pakati pa usiku kuti sichikutsekeka. Mtsikana watsopano, wa ku Inanda, poyamba ankaona ngati ndikumusaka. Ndinamupatsa kaburashi ka mano kakale, n'kumuuza kuti, "Sisi, apa hoover siifika. Yambani ndi aka, kenako kansalu konyowa." Pofika Lachinayi anali akundiitana yekha kuti ndidzapititse chala.

Mchenga umaoneka, mchere ndiye wachinyengo. Ntchitoyi ndinaiphunzirira ku Mangochi, ndipo kumeneko galasi ukalipukuta limakhala loyera masiku angapo, poti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere. Kuno mphepo ikamaomba kuchokera kunyanja imabwera ndi nthunzi yamchere, galasi lopukuta m'mawa pofika madzulo lachita mbuu. Mlendo walipirira kuona nyanja, ndiye galasi lotero kwa iye ndi kumubera. Timapukuta m'mawa, timapukutanso madzulo pokayala mabedi. Zitsulo za pakhonde, ngakhale zija amati sizichita dzimbiri, zimatuluka timadontho tofiirira. Mahinji amalira, maloko a mawindo amauma. Chinyezi nachonso sichigona: mlendo akasiya chitseko chotsegula air con ikuyenda, madzi amayenderera pakhoma, ndipo kabati ikakhala yotseka masiku ochepa imayamba kununkha chuku.

Lachiwiri kunalibe zambiri, kupatula matawulo a kudziwe amene anatithera masana, ena atapezeka kugombe atakwiririka theka.

Lachitatu ndinathera nthawi yaitali kochapira, pa nkhani ya mafuta odziteteza ku dzuwa. Alendo athu amadzola mafuta amenewa thupi lonse, ndipo amachita bwino, dzuwa la December kuno silinyengerera munthu. Koma mafutawo akalowa mu pilokesi yoyera n'kukumana ndi madzi ochapira, pamatuluka banga lachikasu kapena lofiirira. Wosadziwa amathamangira Jik, ndiye banga limangokhazikika. Chofunika n'kuyamba wachotsa mafutawo ndi sopo wochotsa mafuta nsaluyo isanaone madzi otentha. Bambo amene amayang'anira makina ochapira ndi Mmalawi mnzanga wa ku Nkhotakota, ndipo anandionetsa mulu wa nsalu zimene anazipatula. "Achemwali, izi ndiye zapita. Auzeni ana anuwo kuti zamafuta aziika m'thumba lapadera, asamaphatikize." Ndinavomera, ngakhale ndikudziwa kuti munthu amene watsala ndi zipinda zisanu ndipo nthawi yamuthera sayang'anitsitsa pilokesi iliyonse. Mabwana akamawerengera nsalu zotayika kumapeto kwa mwezi amaloza ife, osati mafuta.

Apusi ndiwo anatenga Lachinayi. Kumpoto kwa tauni kuli nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Ohlanga, ndipo magulu a apusi amayenda m'mipanda ndi m'madenga ngati eni malo. Amadziwa nthawi ya kadzutsa, amadziwanso kuti timapaketi ta shuga timakhala pafupi ndi ketulo. M'chipinda chilichonse muli chikwangwani chopempha alendo kutseka chitseko akamatuluka ndiponso kusawadyetsa. Banja lina la ku Germany linawapatsa nthochi pakhonde kuti liwajambule, kenako linapita kokasambira chitseko chili pululu. Zimene tinapeza: shuga ponseponse, mbale ya zipatso ili pansi, makatani atang'ambika m'munsi, ndi zina pabedi zosati n'kuzitchula. Mayi wa m'chipindamo anabwera akunjenjemera kuti mwalowa akuba, ndipo maso ake anayamba agwera pa mtsikana wokonza chipinda. Apa mpamene mtima umandiwawa pa ntchito ino. Chikasowa chilichonse, woyamba kuganiziridwa ndi wovala yunifolomu yathu. Mwamwayi loko wa chitseko amasunga mbiri ya khadi lililonse lotsegulira, ndipo timapazi tinali titadindika pa shuga patebulo. Magalasi amaso amene ankati abedwa anapezeka pa kapinga pansi pa khonde. Anaseka, anajambulanso timapazito, koma kupepesa kwa mtsikana uja sindinakumve.

Lachisanu mphepo inaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa ndipo inakankhira ma bluebottle kugombe. Ndi tizilombo ta m'nyanja tooneka ngati kajumbo kabuluu kofufuma, tokhala ndi ulusi wautali umene ukakukhudza umawotcha koopsa. Ana analira, opulumutsa anthu pamadzi anatanganidwa, ndipo alendo onse anasamukira kudziwe la pahotela. Kwa ife zikutanthauza matawulo owirikiza ndi anthu obwerera m'zipinda masana ife tisanamalize.

Tsiku ngati limenelo limandikumbutsa kuti malipiro athu ali m'manja mwa nyanjayi. Mu April 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal ndipo anaononga mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa. Chaka chimenecho magombe ankangotsekedwatsekedwa chifukwa cha tizilombo ta E. coli, alendo ambiri anasintha n'kupita ku Cape Town, ndipo oyamba kuchepetsedwa masiku anali aganyu olembedwa pa nyengo ya tchuthi. Mpaka lero funso loyamba la mlendo pa resepishoni limakhala loti gombe n'lotsegula kapena ayi. Funso lachiwiri limakhala la shaki. Pamenepo yankho lilipo: a KwaZulu-Natal Sharks Board, amene likulu lawo lili konkuno ku Umhlanga, amatchera maukonde ndi mbedza kutsogolo kwa magombe osambirako, ndipo boti lawo timaliona m'mamawa likukayendera, ife tikungotsika kumene mu taxi. Dzuwa nthawi ino limatuluka 5 koloko isanakwane.

Loweruka ndi Lamulungu zinangolumikizana chifukwa cha phwando la Nyuwere. Mabedi owonjezera, mabaketi a ayisi, madiresi ofuna kusita mwamsanga, timapepala tonyezimira tomwe timakanirira mu kapeti mpaka Isitala. Ma tip nawo anagwa bwino, tisaname, ngakhale ambiri amathera kwa operekera zakudya ndi onyamula zikwama, amene mlendo amawaona nkhope. Wokonza chipinda akagwira bwino ntchito, mlendo sadziwa n'komwe kuti munalowa munthu. Amene amasiya kenakake pansi pa pilo nthawi zambiri ndi azimayi achikulire. Changa ndinatumiza kumudzi pa Mukuru, fetereza wobereketsa sadikira.

Sukulu zikatsegulira pakati pa January hotela ipepuka, ndipo tiyamba kutseka nsanjika imodziimodzi: kutembenuza matiresi, kutsitsa makatani, kuchapa makapeti. Mndandanda umene ndapereka kwa amisiri uli ndi mawilo a zitseko za pakhonde, mahinji a m'mabafa ndi zitsulo zofunika kupala dzimbiri. Tchuthi changa andilembera February. Ndidzakwera basi ku Johannesburg, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, bola mvula isadule msewu.