Kukafula uchi kwa amalume ku Kasungu

Amalume anandiimbira kuti ming'oma yadzadza ubwere tidzafule, ine sindinachedwenso. Minibasi za pa M1 mukuzidziwa kale, kuima pa Mponela, kuimanso pa Madisi, pofika pa boma la Kasungu dzuwa litapendeka, kenako kabaza wa njinga yamoto kulowera kumadzulo kufupi ndi paki ya nyama zakutchire ya Kasungu.

Kwathu njuchi ndi za pamtundu. Agogo aamuna ankasenda makungwa a mombo n'kupanga ming'oma, kuipachika pamwamba penipeni kuopa chiuli. Amalume makungwawo anasiya, akuti mtengo ukausenda mozungulira umauma ndiye njuchizo zikadya maluwa a chani? Pano ali ndi ming'oma ya matabwa, amaimangirira pa waya wopaka oyilo kuti linthumbu lisalowe.

Tinapita kutayamba kuda, nthawi imeneyo njuchi sizilusa kwambiri. Utsi wake wa zitsononkho ndi ndowe zouma, osati moto wa udzu womwe ena amaotcha nawo njuchi zonse n'kuyatsanso tchire, zimenezo zimandipweteka mtima zedi. Amalume amatukula timitengo ta pamwamba pa mng'oma kamodzikamodzi mosathamanga, chisa chili lende, chomata phula loyera mpaka pansi, kulemera kwake dzanja kuchita kunjenjemera. Ndikuti ndidule china anandigwira mkono. "Icho ayi mphwanga, muli ana umo. Ukakokolola zonse mawa upeza mng'oma uli pululu." Uchi wake wakuda, wonunkhira tchire, wowawira pang'ono kukhosi, sungauyerekeze ndi wothira shuga timagula m'misewu mu Lilongwe uja.

Koma chandidetsa nkhawa ndi mitengo abale. M'mudzi mwayera, mombo ndi tsamba zinathera ku zigafa za fodya ndi makala, njuchi zathu zikudalira nkhalango ya m'paki basi. Pakinso pali yakeyake nkhani, chibweretsereni njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022 anthu a m'malire akudandaula ndi minda, chimanga kutha usiku umodzi. Amalume akuti njovu imaopa njuchi kwambiri, zimailuma m'chitamba ndi m'maso, ndiye akufuna andandalike ming'oma m'mbali mwa munda mvula isanagwe. Vuto ndi matabwa, akwera mtengo. Ine ndawalonjeza ming'oma iwiri, ndipo azisuweni anga a m'tauni amene mumangoitanitsa uchi pa WhatsApp, nanunso sonkhani.