Tinayamba ndi chingwe ndi sikelo

Bizinesi yathu yoyeza mphamvu ya ndege zing'onozing'ono inayamba chifukwa cha mnzanga amene ankafuna kugulitsa injini yake ya Rotax 582. Ankadandaula kuti ndege yake ikuchedwa kunyamuka, ndipo mtima wake unali kale pa injini ina, Rotax 912 ULS, ya mphamvu ya mahatchi 100. Ndinamupempha kuti ayambe wadikira.

Tinamanga ndegeyo kumchira ndi chingwe, pakati n'kulumikiza sikelo yoyeza mmene ndege ikukokera, kenako tinaliza injini mpaka pamapeto. Injini ya 582 imatulutsa mahatchi pafupifupi 65 ikamazungulira maulendo 6,500 pa mphindi, koma yakeyo inkathera kutali ndi pamenepo. Vuto linali propela, chipangizo cha masamba chimene injini imazunguza kuti chikankhe mpweya. Masamba ake anawapendeketsa mopitirira, moti ankaluma mpweya wambiri kuposa umene injini ikanatha kukankha. Titawabweza pang'ono, sikelo inakwera, ndege inayamba kunyamuka msanga, ndipo 582 ija akuuluka nayobe.

Anzake atamva anayamba kubwera, ndipo ndinasiya ntchito zina za umakaniko.

Chimene chimandiwawa n'choti ambiri amafika akufuna nambala imodzi yokha: makilogalamu angati? Koma sikelo imangoyeza kukoka kwa ndege itaima. Masamba opendekeka pang'ono amakoka bwino pansi ndiponso pokwera, koma ndege ikathamanga m'mwamba injini imafika msanga pamalire ake, liwiro lisanakwane. Opendekeka kwambiri amachita zosiyana. Ndiye ndimafunsa kaye: bwalo lanu lonyamukira ndi lalitali bwanji, mumanyamula anthu angati, mumapita kutali kapena mumangozungulira pafupi?

Kukula kwa propela nakonso n'kofunika. Yaikulu yozungulira pang'onopang'ono imakankha mpweya wochuluka ndipo imakoka bwino, n'chifukwa chake 912 ULS ili ndi giyabokosi imene imazunguza propela kamodzi injini ikazungulira maulendo 2.43, kuti injini ikamafika maulendo 5,800 pa mphindi propela izingozungulira pafupifupi 2,400. Nsonga za masamba zikayandikira liwiro la phokoso, mamita pafupifupi 340 pa sekondi, mphamvu yambiri imangothera m'kusokosa.

Poyamba ndinalakwitsapo. Ndinayerekezera mapropela awiri, ina m'mawa kukuzizira, ina masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuuza kasitomala kuti yoyambayo ndi yabwino. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umafooketsa injini ndi propela yomwe. Ndinamuitana, ndinapepesa, tinayezanso zonse ziwiri motsatizana. Kuchokera tsiku limenelo, pepala lililonse lotuluka m'shopu mwathu limakhala ndi ola, kutentha kwa mpweya, ndi kutalika kwa bwalolo kuchokera panyanja yaikulu.